Tisanafunse kuti wamchita ndani

Abale anga a ku Zomba, papita zaka 6 ndili kuno ku Leeds, ndipo lero ndaganiza zolemba nkhani ya mwana wanga, poti amayi anzanga ambiri mwakhala mukundifunsa kuseri.

Atakwanitsa zaka ziwiri, ukamuitana dzina samatembenuka. Amayenda monyang'ama, amakupiza manja ngati kambalame, ndipo amatha ola lathunthu akundandalika zitsekerero za mabotolo. Wina akangosuntha chimodzi, kulira kwake kosatontholeka. Nditaimbira foni kwathu ku Chinamwali, aliyense anali ndi yankho. Azakhali anati alipo wamkhwimira. Amalume anati ndikumulera mosasatitsa, akufunika kamkwapulo. Ena anati ndi mphepo ya kunja.

Kuno mwana akafika zaka ziwiri kapena ziwiri ndi theka, namwino amamuona osati sikelo yokha ayi, komanso malankhulidwe, kaseweredwe ndi momwe amayang'anira anthu. Iyeyo ndiye anatitumiza kwa madokotala, ndipo titadikira nthawi yaitali, pakuti mzere wake ndi wautali ngakhale kuno, anatiuza kuti ndi autism. Si matsenga, si katemera, si kulakwa kwa mayi. Ubongo wa mwana umakula mwanjira yakeyake, ndipo phokoso, kuwala, fungo ngakhale nsalu ya malaya zimamufika mosiyana ndi ife.

Chimene chinandisintha ndi kope. Mayi wina wophunzitsa ana kulankhula anandiuza kuti mwana akavuta ndizilemba zinthu zitatu: chinachitika n'chiyani asanayambe, anachita chiyani, nanga chinatsatira n'chiyani. Patatha milungu ingapo ndinayamba kumumva mwana wanga. Kutseka makutu kunkatanthauza kuti phokoso likumupweteka. Kukupiza manja kunali chimwemwe, nthawi zina kudzitonthoza. Kudzigwetsa pansi kunkabwera tikasintha njira osamuuza. Amalankhula nthawi yonseyi, ine ndiye sindinkadziwa chinenero chake. Kwathu timathamangira kufunsa kuti wamchita ndani. Kuno amayamba ndi kufunsa kuti chamupweteka n'chiyani.

Koma musaganize kuti nzeru zonse zili kunja. Titabwera kutchuthi, ndinamutengera mumsika waukulu wa Zomba. Mahutala a minibasi, makondakitala akukuwa, fungo la usipa: anadzigwetsa pansi n'kuyamba kukuwa, anthu n'kutiunjirira. Mawa lake tinakwera kuphiri. Pa damu la Mulunguzi, pakati pa mitengo ya paini, anakhala phee akuyang'ana madzi, mpaka anandigwira dzanja yekha. Amayi anga, amene sanalionepo kope lija, anangoti, "Mwanangu, mwanayu si wamwano, amaopa phokoso." Kuyambira tsikulo ankamupatsa phala m'mbale yomweyomweyo, pamphasa yomweyomweyo, nthawi yomweyomweyo, ndipo anayamba kudya. Zimene kuno ndinaphunzira kwa akatswiri, agogo ake anaziona ndi maso achikondi. Kuno ndili ndi madokotala koma ndimalera ndekha m'nyumba yotseka. Kwathu kuli manja ambiri omunyamula, chikusowa ndi dzina la vutoli ndi anthu olifotokoza.

Tili ndi poyambira. Chida choyezera kakulidwe ka ana chotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool chinapangidwa m'dziko mwathu momwemo, n'kusindikizidwa mu 2010. Ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, amasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Ku Mzuzu a St John of God amathandiza ana amene akuchedwa kukula. Ife a ku Zomba tili ndi Zomba Central Hospital pakhomo. Ndikudziwa kuti ena amaopa kufunsa poganiza kuti mwana atchedwa wa ku mentolo, koma autism si misala.

Choncho mukapita kusikelo, musangoonetsa buku kuti alembe makilogalamu. Auzeni alangizi a zaumoyo ngati mwana satembenuka mukamuitana, saloza chinthu ndi chala, kapena wasiya mawu amene ankanena. Gulani kope, muyambe kulemba. Ndipo mukadzaona mwana akugubuduka mumsika, musamuweruze mayi wake. Mulandireni dengu, mumuthandize kufika pamalo pabata. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.