Mizere ya pansi pa nyanja

Titafika pamwamba pa phiri la Ntchisi, kunja kutayera, malume anandilozera kum'mawa. "Ukuiona?" Inali nyanja ya Malawi, kamzere kotuwa chakumunsi kwa Nkhotakota. Koma ine mtima unali utachoka: foni yanga inali itagwera mu udzu pokwera, ndipo munali zithunzi zomaliza za malemu agogo.

Ndinayamba kuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Malume anandiletsa. "Iwe, sitisaka choncho. Unaigwira komaliza pati?" Tinatsikira pamenepo n'kuyamba kuyenda mzere umodzi, kutembenuka, kubwerera mzere wina woyandikana nawo, monga alimi a ku Dowa amaungira mizere yopingasa phiri.

Malumewa ndi mlimi wa fodya, sanakwerepo bwato, koma nzeru yawo ndi yomweyo ya akatswiri osaka zinthu pansi pa nyanja. Kumeneko kuli mdima, ndiye amadalira sonar, chipangizo choponya phokoso m'madzi n'kumvera likamabwerera. Kamakina kodziyendetsa kamatsata mizere yojambuliratu pa mapu, ndipo mzere uliwonse umaloŵerera pang'ono mwa unzake kuti pasatsale mpata. Chovuta ndi mapiri, poti pansi pa madzi aliponso. Chitunda chimabisa za kuseri kwake, ngati mmene zitunda za kuno zimabisira midzi, choncho pamafunika kudutsanso kuchokera mbali ina.

Ndege ya Air France yomwe inagwera m'nyanja ya Atlantic pa 1 Juni 2009 ndi anthu 228 inapezeka mu Epulo 2011, pakuya mamita pafupifupi 3,900. Inali pafupi ndi pomwe inamvekera komaliza, malo omwe osakawo anali atadutsapo kale n'kuwasiya. Zaka ziwiri abale akungodikira!

Nyanja yathuyi nayo ili ndi zake. Sitima ya Vipya inamira pa 30 Julaye 1946 pafupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutsikira kuli chete, ndipo sinavuulidwe. Kumpoto kumeneko madzi amazama mpaka mamita 700 malo ena. Ukamayang'ana uli paphiri pano, sungaganize.

Foni inapezeka pa mzere wachikhumi, pansi pa mtengo wa msuku womwe ndinaudutsa kawiri ndili wothamanga. Malume anaipukuta ndi malaya awo, n'kuti, "Tatsegula, ndiwaone amayi."