WOTCHI YOYENDERA MAGAZI

Kwathu ku Thyolo, m'makomboni a m'minda ya tiyi, akuluakulu amati pali mawotchi ena oyendera magazi. Amati ukaivala wotchi yotere imamva kugunda kwa mtima wako ndipo imayenda, koma ukaivula n'kuisiya pa thebulo imafooka mpaka kufa. Ena amachita kuchenjeza kuti wodwala asaivale, ingamuthere magazi. Anzanga owerenga, musafulumire kuwaseka makolo athuwa. Zimene anaona n'zoona ndithu: wotchiyi imakhala ndi moyo pokhapokha ili pamkono wa munthu wotakataka. Chimene chimaiyendetsa si magazi ayi, koma kugwedezeka kwa mkonowo.

Ine ndakula ndikuiona wotchi yamtunduwu pamkono wa agogo anga aamuna. Ndi Seiko 5, yachitsulo, ndipo pankhope pake analembapo mawu akuti Automatic. Anaigula m'chaka cha 1986 ali ku Joni, m'sitolo ya pafupi ndi mgodi umene ankagwirako ntchito. Ulendo wa Theba utatsekedwa mu 1988, agogo anabwerera kumudzi ndi bulangete, wailesi, sutikesi ndi wotchiyi, nayamba ntchito m'fakitale ya tiyi. Bulangete lija linatha kalekale. Wailesi tinaisandutsa chosungiramo misomali. Wotchi yokha ndiyo ikuyendabe.

Tsiku lina wokonza mawotchi wa pakhonde la sitolo ku Limbe anaitsekula ine ndikuona. Kumbuyo kwake kuli kachitsulo kolemera kooneka ngati mwezi wogamphuka pakati. Mkono ukagwedezeka kachitsuloko kamazungulira n'kumakunga sipuling'i yopyapyala imene anaikulunga ngati nkhata. Sipuling'iyo pomasuka imakankha timagudumu tamano, ndipo kagudumu kamodzi kamapita uku ndi uku kasanu n'kamodzi pa sekondi iliyonse, ndiye kuti maulendo 21,600 pa ola. Ndiko kulira kofulumira kumene mumamva mukaiika kukhutu. Sipuling'i ikakungika bwino wotchi imatha kuyenda pafupifupi maola 40 ili pansi. Mawu akuti 17 Jewels amene ali pankhope yake ankandinyenga ndili wamng'ono kuti m'katimo muli chuma. Wokonza uja anati ndi timiyala tofiira tolimba, topangidwa m'fakitale, timene amatiika pamene zitsulo zimakhudzana kuti zisaperesane.

Nzeruyi ndi yakale. Mngerezi wina wokonza mawotchi, John Harwood, ndiye analembetsa mu 1923 wotchi yapamkono yodzikunga yokha. Kampani ya Rolex inatulutsa yake mu 1931, koma imeneyo inali ya anthu a matumba olemera. Kampani ya Seiko ya ku Japan ndiyo inaganizira munthu wamba pamene inatulutsa mtundu wa 5 m'chaka cha 1963. Nambalayo imaimira zinthu zisanu: kudzikunga yokha, kuonetsa tsiku ndi deti, kusalowa madzi msanga, kabatani kotembenuzira nthawi kobisika m'mbali kuti kasakoledwe, ndi thupi ndi lamba zolimba. Makampani a Citizen ndi Orient, nawonso a ku Japan, anapanga mawotchi ofanana nayo a mtengo wofikirika.

Tsono tikamati chinthu n'chotchipa timatanthauza chiyani? Agogo amati wotchiyi inawadyera ndalama zimene anasunga miyezi iwiri, ndipo anzawo anawanena kuti ndi wamatama. Koma ndalama zija zagwira ntchito zaka zoposa 35. M'zaka zonsezo wotchiyi yapita kwa wokonza kanayi kokha: katatu kukaitsuka ndi kuthira mafuta, kamodzi kukasintha galasi. Batire sanagulepo n'kamodzi komwe. Amalume anga agula mawotchi a pamsika osawerengeka, onyezimira ngati golide, ndipo palibe imene inaona mvula ya zaka ziwiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa njala ya 2002 wotchiyi inadyetsa banja. Agogo anaipinyolitsa kwa mphunzitsi wina pa ndowa ziwiri za chimanga, ndipo anakaiombola patapita miyezi itatu. Mphunzitsiyo sakadalandira wotchi ya pulasitiki. Anadziwa kuti agogo akalephera kubweza, chinthu chimene wagwira sichitsika mtengo.

Koma nkhani imene agogo amakonda kukamba ndi ya nthawi ya dzinja. Amene simunakhaleko ku minda ya tiyi dziwani kuti mvula ikayamba, kuchokera mu Disembala mpaka cha mu Epulo, tiyi amaphuka kwabasi ndipo masamba othyoledwa sadikira. Amayenera kufota, kugayidwa, kusintha mtundu ndi kuumitsidwa pa nthawi yake, apo ayi tiyi waonongeka. Motero fakitale imagwira usana ndi usiku. Othyola tiyi amalipidwa poona makilogalamu pasikelo, koma a m'fakitale amadalira maola, ndipo lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati maola a pa sabata asapitirire 48. Opitirira pamenepo ndi ovataimu. Pa esiteti ina imene sinditchula dzina, koloko inali muofesi basi, ndipo buku la maola linali m'manja mwa kalaliki. Anthu ankaweruka usiku ali wefuwefu, koma pamapeto pa mwezi ovataimu n'kuoneka yoperewera. Ukadandaula ankakufunsa kuti, “Nthawiyo unaiona pati?”

Agogo anagula kope la ana asukulu. Madzulo alionse ankalinganiza wotchi yawo ndi nthawi ya nkhani pa wailesi ya MBC, ndipo tsiku lililonse ankalemba nthawi yolowera ndi yowerukira ya gulu lawo lonse. Mwezi utatha anapita kwa kapitawo. “Akapitawo, ine sindikuti munthu waba ayi. Ndikungopempha kuti buku la muofesi likumane ndi langali pamaso pa bwana.” Kapitawo anawopa. “Achimwene, mukufuna mutichotsetse ntchito kodi? Ana mudyetsa wotchi?” Mantha akewo anali omveka, pakuti pageti pankakhala anthu ambiri ofuna ntchito yomweyo. Komabe mabuku awiri aja anakumana. Bwana anayerekeza wotchi ya agogo ndi yake, napeza kuti zikusiyana ndi mphindi imodzi yokha. Maola osowa anawalipira mwezi wotsatira, ndipo pakhomo la fakitale anapachikapo koloko yoti aliyense aziiona. Kuyambira pamenepo anthu a pakomboni anayamba kuitchula wotchi ija kuti mboni.

Wina anena kuti zimenezi n'zakale, lero tili ndi mawotchi a batire ndi mafoni. N'zoona, ndipo pa kulondola kwa nthawi wotchi ya agogo imagonja. Seiko yomweyo ndiyo inatulutsa wotchi yapamkono yoyamba ya batire ya mtundu wa quartz mu 1969, ndipo Casio F-91W imene inabwera mu 1989 ndi yotchipa, yopepuka, batire lake limakhala zaka. Wotchi ya batire imasochera masekondi ochepa pa mwezi, pamene ya agogo imatha kuthamanga masekondi 20 pa tsiku limodzi. Amene ali ndi ndalama zochepa zedi agule Casio yeniyeni, sadzalira. Koma batire likatha uli kumudzi kwathu uyenera kukwera kabaza kupita ku Luchenza kapena ku Boma, ndipo wosintha batire akapanda kutseka bwino kumbuyo, chinyontho cha chiperoni chimalowa n'kuipha. Nayo foni ili ndi njala yake. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023 magetsi anazima masiku ambiri ndipo mafoni onse a pakomboni anathima. Anthu ankabwera pakhomo pathu kudzafunsa agogo nthawi, makamaka amene anali pa mankhwala oyenera kumwa pa ola lake.

Kuno kuseminale, kumene foni siiloledwa ndipo belu ndilo limatidzutsa, kutidyetsa ndi kutigoneka, ndaona anzanga ambiri akupempha wotchi kwa makolo. Kwa amene angafune yodzikunga yokha, nazi zimene wokonza wa ku Limbe uja anandiphunzitsa. Choyamba, yang'anani muvi wa masekondi. Ukamadumpha kamodzi pa sekondi, m'katimo muli batire ngakhale pankhope alembepo Automatic; wa wotchi yeniyeni umayenda timasitepe tating'onoting'ono ngati ukutsetsereka. Chachiwiri, igwedezeni pafupi ndi khutu, mumve kachitsulo kaja kakuzungulira mosakhula. Chachitatu, pemphani kuti muivale tsiku lathunthu, kenaka igone pansi usiku wonse. Ikadzuka itaima, sipuling'i kapena mafuta zatha. Chachinayi, chenjerani ndi wotchi yakale ya nkhope yowala mopambanitsa, chifukwa ambiri amapaka utoto watsopano pa makina otopa. Musasinthe deti pakati pa usiku pamene timano take tagwirana, ndipo musalowe nayo m'madzi wotchi yakale, pakuti mphira wotchinga madzi umauma ndi zaka. Safunsa anadya phula. Pitani ndi munthu wodziwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chimodzi. Mu 2019 Seiko inakonzanso mtundu wa 5 n'kuukweza mtengo, ndipo ndi kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023 wotchi yatsopano yatalikira wothyola tiyi. Chiyembekezo cha munthu wamba chatsalira pa mawotchi akale, ndipo wotchi yakale imafuna wokonza. Mkulu wa ku Limbe uja maso ayamba kumuvuta, ndipo anatiuza kuti achinyamata amene amabwera kudzaphunzira ntchito amafuna za mafoni zokha. Pa tchuthi chikubwerachi ndapempha kuti ndizikakhala pambali pake masiku a Loweruka, ndiphunzire kutsuka ndi kuthira mafuta. Wavomera, koma wati ndidzabwere ndi manja osamba ndi mtima wodekha, chifukwa kasikuluwu kamodzi kakagwa pansi tidzakafuna mpaka dzuwa kulowa.