Ntchito yanga ili pakati pa mphuno ndi masiki

Munthu wa matenda obanika kutulo nthawi zambiri sadziwa kuti akudwala. Amadziwa ndi mnzake wogona naye, amene amamva mkonono ukukwera, kenako zii, masekondi 10, 20, pena kupitirira apo, mpaka mwiniwake atadzidzimuka n'kukoka mpweya mwamphamvu, n'kugonanso osakumbukira kanthu. Minofu ya kukhosi ikamasuka m'tulo, lilime ndi kanyama kofewa ka kuseri kwa m'kamwa zimagwera m'mbuyo n'kutseka njira ya mpweya. Zikamachitika ka 5 mpaka ka 14 pa ola timati vuto ndi laling'ono, ka 15 mpaka ka 29 ndi lapakati, ndipo kuyambira ka 30 ndi lalikulu. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Lancet Respiratory Medicine mu 2019 anayerekezera kuti padziko lonse anthu pafupifupi 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 ali ndi vutoli.

Dokotala akamaliza kuwayeza, odwalawa amabwera kwa ife. Ndimagwira ntchito pakiliniki ya matenda a tulo ku England, ndipo changa n'kuwaveka masiki, kuwatcherera makina a CPAP ndi kuwatsatira mpaka azolowere.

Makinawa sapumira munthu, komanso sapanga okosijeni monga ambiri amaganizira. Amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo, kuusefa, n'kuukankha kudzera m'paipi mpaka kumphuno, kuti khosi likhale lotseguka ngati mmene chubu cha njinga chimaimira chikapopedwa. Mphamvu yake imayambira pa 4 kufika pa 20, muyezo wake ndi masentimita a madzi. Anayambitsa njirayi ndi Colin Sullivan, dokotala wa pachipatala cha Royal Prince Alfred ku Sydney, mu 1980. Iye anagwiritsa ntchito injini ya makina okokera fumbi ataitembenuza kuti izipemerera, ndipo mu 1981 analemba mu Lancet za odwala asanu amene anasiya kubanika. Masiki oyambirirawo ankachita kuwamata pankhope ndi guluu usiku uliwonse. Kwathu ku Malawi anamwino ambiri amadziwa CPAP kudzera mwa makanda obadwa masiku asanakwane, chifukwa cha makina a Pumani amene Rice University ya ku America inapanga mogwirizana ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mfundo yake ndi imodzimodzi, koma khanda limagona m'wodi anamwino ali pafupi, pamene munthu wamkulu amakavala masiki yekha kunyumba kwake, ndipo usiku uliwonse ali ndi ufulu woivula.

Ufulu umenewu ndiwo umativutitsa. Makina a masiku ano salephera kawirikawiri. Chimene chimalepheretsa anthu ndi kachidutswa ka silikoni kokhudza khungu.

Masiki ilipo ya mitundu itatu: yophimba mphuno yokha, ya timapilo tiwiri tokhala pamabowo a mphuno, ndi yaikulu yophimba mphuno ndi pakamwa. Mmisiri wodziwa ntchito sayamba n'kutsegula bokosi. Amayang'ana kaye nkhope: kutambalala kwa mphuno, ndevu, chibwano chobwerera m'mbuyo, mano oikirira amene munthu amavula pogona n'kusiya masaya atalowa. Kwa amayi amafunsanso za tsitsi, chifukwa malamba amene anakwana lero sakwana mawa munthu akalukitsa. Akatero amamugoneka munthuyo pabedi, chifukwa nkhope ya munthu wokhala pampando ndi yosiyana ndi ya munthu wogona, ndipo amayatsa makina asanamange malamba.

Kumanga malamba ndiye pamene ambiri amalakwitsa akabwerera kunyumba. Akamva mpweya ukuthawira m'maso, amakoka lamba. Ukathawabe, amakokanso. Komatu silikoni ya masiki anaipanga kuti izifufuma ndi mpweya n'kukhala pakhungu mofewa. Ukaithina kwambiri imapindika, mpweya n'kupeza potulukira pena. Dalaivala wina wa lole anabwera atatupa chilonda pamwamba pa mphuno, makina ali m'chikwama, akuti abweze. Tinamasula malamba onse, ndinaikokera masikiyo kutsogolo pang'ono kuti idzaze mpweya, n'kuibwezera. Ndinamuuza kuti, "Bambo, pakati pa lamba ndi tsaya pazilowa chala." Anabwerera nawo makinawo. Kwa iye nkhaniyi inali ya ntchito yake yomwe, chifukwa ku Britain dalaivala amene matendawa akumuwodzeretsa masana ayenera kudziwitsa DVLA, ofesi yoona za ziphaso zoyendetsera galimoto, ndipo saloledwa kuyendetsa mpaka kuwodzerako kutaleka.

Madandaulo ena amabwera motsatizana, lililonse ndi mankhwala ake. Wodzuka kukamwa kuli gwa nthawi zambiri amagona kukamwa kuli yasa, choncho mpweya wolowera kumphuno umangotulukira pakamwa. Ameneyu timampatsa lamba wogwira chibwano kapena masiki yaikulu. Wouma m'mphuno timamuwonjezera chinyezi, pakuti makina ambiri ali ndi kathanki ka madzi kofunditsa mpweya. M'nyengo yozizira chinyezicho chimasanduka madontho m'paipi n'kumagwera munthu kumaso, ndiye timatsitsa makina kuti akhale m'munsi mwa mutu, kapena timapereka paipi yofunda yokha. Wodzuka mimba itafufuma akugeya ndiye kuti akumeza mpweya, ndipo dokotala amaonanso ngati mphamvu yachuluka. Pali ena amene amangoti akaivala mtima umagunda ngati akuwatsamwitsa. Amenewa sindiwakakamiza kugona nayo. Ndimawauza aivale madzulo akuonera TV, mphindi zochepa, makina akuyenda, mpaka thupi litaleka kuiopa.

Zonsezi zimafuna kuchitika msanga. Ofufuza anaona kalekale kuti mmene munthu wagwiritsira ntchito makina m'sabata yoyamba ndi mmenenso amadzachitira miyezi ya m'tsogolo. N'chifukwa chake ndimaimba foni pasanathe masiku ochepa, osadikira tsiku la kiliniki. Munthu akakhala mwezi wathunthu akulimbana ndi masiki yothina amakhala atagamula kale mumtima, ndipo kumubweza n'kovuta.

Masiku ano makina amatumiza okha malipoti pa intaneti: maola amene ayenda, mpweya umene wathawa, ndi kangati pa ola munthu wabanikabe. Cholinga n'chakuti chiwerengero cha kubanikacho chitsike pansi pa 5. Pa makina a kampani ya ResMed, mpweya wothawa ukapitirira malita 24 pa mphindi timadziwa kuti masiki sikukhala bwino. Koma manambala amene ndimakangana nawo kwambiri ndi a maola. Ku America, bungwe la Medicare limaona kuti munthu akutsatira chithandizo akamavala maola 4 pa usiku, mausiku 70 pa 100 alionse, ndipo muyezo umenewu wafalikira ponseponse. Ine ndimauona kuti ndi wochepa. Tulo ta maloto, timene minofu imalefukiratu ndipo kubanika kumatalika, timachuluka chakum'bandakucha. Munthu wovala masiki 10 koloko n'kuivula 2 koloko wakwanitsa muyezo, koma nthawi yoopsa kwambiri waigona opanda chitetezo. Kafukufuku wamkulu wotchedwa SAVE, amene anatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2016, anatsatira odwala 2,717 amene anali kale ndi matenda a mtima kapena sitiroko. CPAP inachepetsa mkonono ndi kuwodzera, anthu ankasangalala komanso kujomba kuntchito kunachepa, koma matenda a mtima sanatsike. Anthuwo ankavala makina pafupifupi maola 3.3 okha pa usiku. Ndikaona lipoti la maola 4, funso langa limakhala lakuti chikumudzutsa pakati pa usiku n'chiyani.

Ukhondo wake ndi wosavuta. Silikoni imafuna madzi ofunda ndi sopo wopanda mafuta onunkhira, madzi a m'kathanki amafuna kusintha tsiku lililonse, sefa kuisintha ikada. Timabowo ting'onoting'ono ta pamasiki sititsekedwa ngakhale tikusokosa, chifukwa ndi potulukira mpweya woipa. Anzathu ozolowera kudzola Vaseline kumaso pogona ndimawachenjeza kuti mafutawo amatereretsa masiki n'kuwononga silikoni. Tizipangizo toyeretsera ndi ozoni sindilimbikitsa. Mu June 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina mamiliyoni ambiri chifukwa siponji yochepetsa phokoso m'kati mwake inkafumbutuka, ndipo inanena kuti kutentha, chinyezi ndi ozoni zimatha kufulumizitsa zimenezi.

Odwala ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe akamapita kutchuthi kwawo amafunsa za magetsi. Yankho ndi batire, ndipo batire limakhalitsa munthu akazimitsa chofunditsira madzi, chimene chimadya magetsi ambiri kuposa injini. Makina azikhala m'chikwama cha m'manja pandege, paipi ilowe pansi pa neti popanda kusiya mpata wa udzudzu, ndipo kumalo afumbi sefa imada msanga.

Mphamvu imene tinatchera chaka chatha si ya moyo wonse. Munthu akanenepa khosi limafuna mpweya wochuluka, akaonda umamuchulukira. Mowa wa madzulo ndi mapiritsi ogonetsa zimalefula minofu ya kukhosi, ndipo kugona chagada kumachulukitsa kubanika kuposa kugona cham'mbali. Pa chifukwa chimenechi tsiku la kiliniki limayambira pasikelo, kenako mafunso asanu ndi atatu a Epworth, amene Murray Johns anakonza ku Melbourne mu 1991, ofunsa ngati munthu amawodzera powerenga, pokhala m'galimoto kapena atangodya nkhomaliro. Akapeza malikisi opitirira 10 pa 24 pamene lipoti likusonyeza kuti akuvala usiku wonse, ndimamubwezera kwa dokotala kuti akafufuze china chimene chikumulanda tulo.