Kalata yochokera ku Ntcheu: tikhazikitse thumba la sukulu zathu

Abale ndi alongo a ku Ntcheu okhala ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Joni,

Kuno kwazizira monga mukudziwira mwezi wa Juni, makamaka kumtunda ku Tsangano ndi ku Lizulu. Chimanga chalowa m'nyumba, ndipo kachewere, kabichi ndi tomato zili mbwee m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira ku Lizulu kudzera ku Mlangeni mpaka ku Kampepuza. Ino ndiyo nyengo imene mlimi amagwirako kandalama, n'chifukwa chake ndati ndikulembereni pano za sukulu zimene zinakuphunzitsani kugwira pensulo.

Maphunziro kuno ndi akale. Ansembe a Montfort anakhazikika ku Nzama mu 1901, ndipo mamishoni a ku Gowa, Mlanda ndi Dombole anatsegula sukulu m'midzi yowazungulira. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana a m'sukulu za pulayimale m'dziko muno anachuluka kuchoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo makalasi ambiri anasamukira pansi pa mitengo. Nthawi ya ntchito za chitukuko za MASAF anthu a kuno anaumba njerwa, amayi natunga madzi, anyamata natuta mchenga pa ngolo. Midadada yambiri imene ana athu akuphunziramo lero ndi ya thukuta limenelo, ndipo yakalamba. Ina malata anachita dzimbiri, ina pansi panakumbika, mwana n'kumakhala pa dothi lozizira mwezi ngati uno.

Boma limatumiza ndalama yotukulira sukulu, ija aphunzitsi amati SIG, yomwe komiti ya sukulu imagwiritsa ntchito motsata ndondomeko imene inagwirizana ndi makolo. Imathandiza ndithu, koma ndi yochepa ndipo nthawi zina imafika mochedwa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa simenti, malata ndi misomali unathawa. Komanso njerwa zootcha, zomwe kale zinali gawo lathu ngati mudzi, boma linaziletsa pa zomanga zake pofuna kuteteza mitengo. Lero pamafunika mabuloko a simenti, ndipo simenti ndi ndalama.

Kwa zaka zambiri komiti ikasowa pogwira inkathamangira kwa kholo kukafuna ndalama: ya chitukuko, ya mlonda, ya kusindikiza mayeso, ya nkhuni za phala. Zambiri mwa zimenezi zinkafunidwa mu Januwale ndi Febuluwale, pamene banja lili pa ganyu kusaka chakudya ndi feteleza. Ndaonapo ndi maso anga ana akubwezedwa m'mawa kuti akatenge ndalama imene kunyumba kulibe. Ena mwa iwo sanabwererenso, makamaka atsikana a m'makalasi apamwamba. Boma linalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 maphunziro akhala aulere mpaka ku sekondale, ndipo ife makolo tinalandira ndi manja awiri. Koma chimbudzi chikagwa ndi mvula, kapena mphepo ikasasula denga, ana sangadikire mpaka bajeti ya chaka chamawa.

Ganizo langa ndi ili. Zoni iliyonse ya maphunziro ikhale ndi thumba lokhazikika, la anthu onse a dera limenelo, okhala konkuno ndi okhala kutali. Lisakhale msonkho wa mwana, ndipo wosapereka asafunsidwe chilichonse pakhomo la kalasi. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwini golosale ku Nsipe, wogula kachewere wa pikulitsa ku Tsangano, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto ku Kasinje, onsewa amafuna namwino, kalaliki ndi mlangizi wa zaulimi amene adzachokere m'makalasi omwewa, kaya iwo ali ndi mwana pasukulu kaya alibe.

Ife a kumudzi tizisonkha nthawi yokolola, ndipo tizisonkha zimene tili nazo. Banja lipereke chidebe cha chimanga, nyemba kapena soya. Zina zipite ku phala, zina zisungidwe n'kudzagulitsidwa mtengo ukakwera. Magulu a banki m'khonde, tsiku logawana masheya, apatule kangachepe. Mipingo ipatule Lamulungu limodzi pachaka. Inu a kutali mungathe kutumiza mwezi ndi mwezi kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, monga mumachitira pakagwa maliro. Pa maliro timagwirizana modabwitsa: uthenga ukangofika pa WhatsApp, dzuwa lisanalowe bokosi ndi galimoto zapezeka. Mtima womwewo tiuonetsenso kwa amoyo amene akukonzekera mayeso a Sitandade 8.

Ndikudziwa chimene chimakugwirani dzanja. Ambiri munatumizapo ndalama ya chitukuko kwanu, mutabwera munapeza maziko okha atamera udzu. Nkhawa imeneyo ndi yoona, ndipo thumba losauyankha lidzafa chaka chake choyamba. Tsono malamulo ake akhale olimba kuyambira pachiyambi. Ndalama izikhala ku akaunti ya banki, osati m'nyumba ya msungichuma. Potapa pazisayina anthu atatu: wa komiti ya sukulu, wa gulu la amayi osamalira atsikana lija timati mother group, ndi mmodzi wosankhidwa ndi inu a kutali. Mphunzitsi wamkulu ndi mlangizi wa maphunziro wa zoni azinena zosowa, koma asamagwire ndalama. Teremu iliyonse zolowa ndi zotuluka ziziwerengedwa pa msonkhano wa makolo pamaso pa mafumu, zimatidwe pa likulu la aphunzitsi la zoni (TDC), ndipo malisiti ajambulidwe n'kutumizidwa kwa aliyense amene anasonkha. Atsogoleri azisinthana pakatha zaka ziwiri. Wandale wofuna kupereka apereke monga mwana wa m'mudzi, koma nsalu ya chipani aisiye kunyumba.

Tisayambe ndi zazikulu. Tiyambe ndi zimene zimasunga mwana pasukulu: madesiki, zimbudzi, chipinda chosinthira atsikana akakhala kumwezi, sola yoti a Sitandade 8 ndi a Folomu 4 aziwerengera madzulo. Kenaka nyumba ya mphunzitsi, chifukwa kumadera ovuta kufikako, monga kumapiri kwa Mpando ndi kuchigwa cha Bwanje, mphunzitsi wopanda pogona sachedwa kupempha kusamuka. Gawo lina lizisungidwa padera kudikira ngozi za dzinja, ndipo lina lithandize mwana wosankhidwa kupita ku sekondale yogonera amene kwawo kulibe ya yunifolomu, chikwama ndi thiransipoti.

Izi sizikuchotsa udindo wa boma. Kulemba aphunzitsi okwanira, kuwalipira, kutumiza mabuku ndi kumanga midadada yatsopano ndi ntchito yake, ndipo ndalama za chitukuko cha dera la phungu (CDF) ndi za khonsolo tipitiriza kuzifunsa kudzera kwa makhansala, aphungu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi. Koma mudzi umene waika chake pasukulu umayankhula molimba mtima, ndipo umadziwa mtengo weniweni wa thumba la simenti pamene kontilakitala akunena zake.

Mu Seputembala ambiri mudzabwera ku mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo kudzakumbukira Inkosi Gomani Chikuse, imene inaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Mwezi womwewo ndi umene chaka cha sukulu chimayamba. Pempho langa ndi loti mudzawonjezere tsiku limodzi pa ulendowo. Mudzapite pasukulu imene munaphunzira, mudzalonjere aphunzitsi aakulu, mudzalowe m'kalasi ya Sitandade 1 n'kuwerenga ana ndi madesiki. Mukatero tidzakhale pansi pamodzi ndi a mfumu ndi a komiti, tidzasankhe anthu osayina, akaunti itsegulidwe musanakwere basi. Ife gawo lathu la chimanga tayamba kale kupatula.

Ine mbale wanu,
Kholo la kwa Njolomole, Ntcheu