Duŵa la Penstemon ndi Ana Athu

Pakhomo pathu tinali ndi tsinde limodzi lokha la penstemon, duŵa lochokera ku North America, lofiira ndi looneka ngati kabelu. Chaka china mvula itachuluka, madzi anadikha pamene tidalibzala, ndipo mizu inayamba kuola, pakuti duŵali limafuna dzuŵa ndi nthaka yosasunga madzi.

Tsindelo lisanaume, tinadulako nsonga zanthete zisanu zopanda maluŵa, zotalika masentimita 10. Tinathothola masamba am'munsi ndi kuzibzala mumchenga wachinyezi pamthunzi. Patapita masabata anayi, zitatu zinagwira mizu. Tsinde lakale lija linafa, koma tiana taketo tinamasula maluŵa ofiira chimodzimodzi, pakuti chodulidwa chimatenga mtundu wa kholo lake, monga umachitira mtengo wa chinangwa.

Makolo anzathu, penstemon sakhala zaka zambiri. Wolifuna amadula nsonga chaka ndi chaka, osadikira kuti lidwale monga tinachitira ife. Nafenso masiku athu ndi oŵerengeka. Kodi ana athu tikuŵabzala m'Mau a Mulungu tikali ndi moyo? M'mera mpoyamba. Ndipo inu achinyamata, gwirani mizu tsinde lakale lisanagwe.