Chitsulo Chosemedwa Sichibwerera

Ambiri mwa ife a Fomu 4 tinakulira pafupi ndi chigayo, ndipo tikudziwa zomwe zimachitika chikaima. Amayi amasenza chimanga kupita mudzi wina, mwini chigayo ndalama sizilowa, anyamata ogayitsa amangokhala. Kawirikawiri chomwe chimakhala chawonongeka si injini yonse ayi, koma chitsulo chimodzi: shafuti yadyeka pamalo pokhala beringi, kapena pule yayamba kugwedera. Kuitanitsa china kuchokera ku Johannesburg kapena ku China kumatenga masabata, makamaka masiku ano pamene ndalama zakunja zikuvuta. Makina ena ndi akale kwambiri moti amene anawapanga anasiya kalekale kugulitsa zipangizo zake. Zikatere pamafunika munthu wodziwa kusema chitsulo pa makina otchedwa lathe.

Teremu yathayi, ife a kalabu ya sayansi tinakacheza ku shopu ina ya amisiri otere ku Limbe. Kagwiridwe ka lathe nkosavuta kukamvetsa. Chitsulo chimamangidwa pa chopanira chotchedwa chuck ndipo chimazungulira. Mpeni wake, womwe ndi kachitsulo kolimba kwambiri, suzungulira. Mmisiri amausuntha ndi manja pogwiritsa ntchito timawilo tiwiri, kena koyendetsa mpeni m'litali mwa chitsulo, kena koulowetsa mkati. Mpeni ukakhudza, chitsulo chimasendeka ngati mbatata, ndipo makoko ake amagwa opotanapotana, otentha. Palibe kompyuta. Zonse zili m'maso, m'makutu ndi m'manja mwa mmisiri.

Tsiku limenelo bambo amene anatilandira ankapanga shafuti yatsopano ya pampu ya madzi. Chomwe chinatidabwitsa nchakuti sanathamangire kukopera yakaleyo. Anati chitsulo chodyeka chimanama: ukachiyeza pomwe chadyekapo nkupanga china chofanana nacho, ndiye kuti wapanga chitsulo chatsopano chomwe ndi chakutha kale. Choncho anayeza pomwe sipanakhudzidwe, kenaka anawerenga nambala ya pa beringi. Inali 6205, ndipo beringi iliyonse ya nambala imeneyi bowo lake ndi mamilimita 25, kaya yapangidwa dziko liti. Kuchokera pamenepo anadziwa kukula komwe shafuti inali nako isanayambe kudyeka.

Koma 25 yekhayo sakwanira. Kuti beringi igwire zolimba, shafuti iyenera kuposa bowolo pang'ono kwambiri, pafupifupi 0.01 ya milimita. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa kangapo kuposa pamenepo. Shafuti ikachepa, beringi imaseweramo ndipo imayambanso kuidya. Ikakulitsa, beringi imapanikizika, imatentha, nkufa msanga. Rula ya m'kalasi singaone kusiyana kotere, nchifukwa chake amagwiritsa ntchito micrometer.

Anatipatsa mpata woyeza mmodzimmodzi, ndipo mayankho athu anasiyana, poti wina ankafinya kwambiri, wina pang'ono. “Ana inu,” anatero bambowo, “kuchotsa chitsulo aliyense angathe. Koma chikachoka simungachimatenso ngati dothi.” Tinaona kuti atatsala pang'ono kufika pa muyeso, anayamba kusema pang'onopang'ono, kuimitsa makina, kupukuta, kuyeza, nkusemanso. Pomaliza anasiya chitsulocho kuti chizizire asanachiyeze kotsiriza, chifukwa chitsulo chotentha chimafutukuka. Zimenezi tinaziphunzira mu Physics, koma kumeneko tinaona kuti kuziiwala kungatayitse ntchito ya tsiku lonse.

Masamu omwe ena amafunsa kuti adzawathandiza chiyani tinawapeza ali pa ntchito. Mpeni ukalowa theka la milimita, kunenepa kwa chitsulo kumatsika ndi milimita yathunthu, popeza chimasendeka mbali zonse pamene chikuzungulira. Liwiro la makina limachokera ku pi. Chitsulo wamba, posema ndi mpeni wamba, chimafuna kuti khungu lake lizidutsa pa mpeni mamita pafupifupi 30 pa mphindi. Mukagawa ndi kuzungulira kwa shafuti ya mamilimita 25, mupeza kuti izizungulira maulendo pafupifupi 380 pa mphindi. Ya mamilimita 100 maulendo osakwana 100. Kuti aseme nsonga yopendekeka, amafunika tangent yomwe ija ya mu trigonometry.

Ngakhale mbiri yakale ilimo. Cha m'ma 1800, Henry Maudslay wa ku London anakonza lathe yotha kudula mazinga a bawuti ofanana nthawi zonse. Mu 1841 Joseph Whitworth anakhazikitsa muyeso umodzi wa mazinga ku Britain, woyezedwa m'mainchi, wokhala ndi ngodya ya madigiri 55. Mazinga a masiku ano a mamilimita ngodya yake ndi madigiri 60. Nchifukwa chake nati yogula ku hadiweya imatha kulowa kamodzi kapena kawiri pa bawuti ya makina akale a ku Britain, kenaka nkukana. Woikakamiza ndi sipanala amaononga zonse ziwiri. Mmisiri wodziwa amayamba wawerenga mazinga, nkukumbukira kuti inchi imodzi ndi mamilimita 25.4.

Ntchitoyi ili ndi ngozi zake, ndipo sanatibisire. Lathe ikagwira nsalu imakoka munthu yense. Tisanayandikire anatiuza kuti tipinde manja a malaya, tivule mawotchi ndi mphete, ndipo atsikana alowetse nsonga za hijabu mkati mwa ovolosi. Mkanjo kapena chilichonse cholendewera nchosaloledwa pafupi ndi chuck, magolovesi nawonso ayi. Kiyi womangira chuck sasiyidwa pomwepo ngakhale kwa kamphindi, chifukwa makina akayaka amauluka ngati mwala wa legeni. Malamulowa akatsatidwa, palibe chomwe chingaletse mtsikana kuima pa lathe, ndipo pa tonsefe amene anayeza molondola kwambiri tsiku lija anali mtsikana.

Tikulemba izi chifukwa mayeso a MSCE ayandikira, ndipo kunyumba funso limakhala limodzi: udokotala, zamalamulo kapena za ku banki? Ntchito zimenezi nzabwino, koma malo ku yunivesite ndi ochepa, ndipo ntchito zamanja zimatchulidwa ngati kothawira munthu akalephera. Zomwe tinaona ku Limbe sizikugwirizana ndi maganizo amenewa. Munthu wosadziwa masamu, wopupuluma kapena wachinyengo sangakhalitse pa lathe, chifukwa shafuti yosemedwa mwachidule imabwerera kwa iye pakangopita masabata ochepa, mwini wake ali wokwiya. Mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, mapampu a madzi ndi zigayo za m'midzi, zonsezi zimadya zitsulo tsiku ndi tsiku. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a luso m'makoleji a ntchito zamanja, ndipo khomo limeneli nlotsegukira ifenso.

Pempho lathu kwa aphunzitsi ndi makolo ndi lakuti pa tsiku lokambirana za ntchito zam'tsogolo, pambali pa adokotala ndi maloya, mudzaitaneko mmisiri wa lathe. Adzabwere ndi micrometer yake, a Fomu 1 adzayese kuyeza tsitsi lawo.