Phiri la eni ndi kaphiri ka kwathu

Lamulungu lapitali anzanga a kuntchito anandikoka kuti tikakwere Königstuhl, phiri limene lasuzumira mzinda wa Heidelberg kuno ku Germany. Kuno ukakhala ndi ndalama phiri sulikwera ndi miyendo. Pa Kornmarkt pali sitima yokokedwa ndi chingwe chachitsulo: bogi ina ikamakwera, inzake imakhala ikutsika, ndipo yotsikayo imathandiza kukoka yokwerayo. Pa Molkenkur tinasintha, n'kulowa m'bogi yamatabwa ya njanji imene anatsegula mu 1907. Imakwekwereza ngati ngolo ya ng'ombe yosowa girizi.

Pamwamba ponse panali mbuu ndi chipale chofewa. Ana ankatsetsereka pa timatabwa uku akukuwa, akuluakulu ali ndi ndodo ziwiriziwiri kulowera m'nkhalango. Kunsi mtsinje wa Neckar unkaoneka ngati kalamba. Anzanga ankajambula zithunzi. Ine zala zitauma gwa, maso ankangosakasaka nyanja.

Mnzanga wina analoza chakum'mawa monyadira. Akuti ku Mauer, pafupi pomwepo, anafukula nsagwada za munthu wakale mu 1907, za zaka pafupifupi 600,000. Ndinaseka mpaka misozi, iye n'kudabwa. Ndinamuuza kuti munthu wawoyo ndi khanda la dzana. Kwathu ku Uraha, kufupi ndi Chilumba m'boma la Karonga, mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk, Mjeremani mnzake, ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada za zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Anazitcha UR 501.

Komatu Uraha si phiri loti n'kuyikapo sitima. Ndi kachitunda kouma, ka maenje okokoloka ndi minga, komwe tinkadyetsako ng'ombe dzuwa likuswa mtengo, osadziwa kuti tikupondaponda pa makolo a dziko lonse. Koma ukaima pamenepo, kuzambwe Nyika wati tsonga, kuvuma nyanja yati nyezinyezi, ndipo tsidya lake mapiri a ku Tanzania ali bii. Madzulo kununkhira kwa usipa wowotcha kumakupeza usanafike pakhomo, amayi atatakasa kale kondowole.

Potsika sindinayankhule. Tikiti ya sitimayo ndaisunga m'Baibulo kuti ndidzaonetse ana a achimwene. Inu amene muli kumudzi, mukamadutsa pa msewu wa M1 mundicheukireko kaphiri kaja.